Mock, fake kapena chinthu chenicheni: muike chiyani kuseri kwa interface poyesa khodi?

Tiyerekeze kuti mwalemba kagawo ka pulogalamu kolandira maoda pa sitolo ya pa intaneti. Ntchito yake ndi yodziwika: kasitomala akadina batani logulira, kagawoka kamawerengera mtengo, kamadula ndalama pa khadi, kamasunga odayo, kenako kamatumiza imelo yotsimikizira. Pochita zimenezi kamadalira zinthu zinayi zomwe zili kunja kwake: database, kampani yodula ndalama, seva yotumiza maimelo, ndi wotchi ya kompyuta, popeza nthawi yotsitsa mitengo imakhala ndi tsiku lothera. Chilichonse mwa zinayizi mwachiika kuseri kwa interface, kutanthauza mndandanda wa ma method (ntchito zomwe khodi yanu ingaitane) wosanena chomwe chikugwira ntchitozo. Tsopano mukufuna kulemba matesti, timapulogalamu toyesa ngati khodiyo ikugwira bwino. Kuseri kwa interface iliyonseyo muikeko chiyani?

Yankho lomwe limabwera msanga ndi mock, chinthu chonamizira choima m'malo mwa chenicheni. Munthu amatsegula laibulale yopangira ma mock monga Mockito ya Java kapena unittest.mock ya Python, n'kupanga ma mock anayi, n'kuwauza zoyankha, matesti onse n'kubiriwira (testi ikakhoza imabiriwira, ikagwa imafiira), basi wathana nazo. Kwa ine yankho limeneli ndi labwino pa interface imodzi kapena ziwiri mwa zinayizi. Pa zotsalazo pali njira zina zomwe zimagwira zolakwika zambiri, komanso sizisweka nthawi iliyonse mukangokhudza khodi.

Gerard Meszaros, m'buku lake la 2007 la matesti a xUnit, anagawa zinthu zoimira chenichenizi m'magulu asanu. Dummy imangodzaza malo, palibe amaiitana. Stub imabweza yankho lomwe mwaikonzera. Spy imalemba zomwe yaitanidwa nazo kuti mudzazifufuze pambuyo pake. Mock imadziwiratu mmene iyenera kuitanidwira, ndipo ikaitanidwa mosiyana imagwetsa testi. Fake ndi chinthu chogwiradi ntchito koma chachidule, monga nkhokwe yosunga zinthu mu memory m'malo mwa disiki. Malaibulale a masiku ano malire amenewa anawafufuta: chinthu chimodzi cha Mockito chimakhala stub pa mzere uno, spy pa mzere wotsatira. Choncho dzina la chida lisakuvuteni. Chofunika ndi zomwe testi ikuyang'ana pomaliza: kodi ndi zotsatira za ntchito, kapena mmene khodi yanu yaitanira anzake?

## Mock ya mu laibulale

Njirayi inachokera ku London. Tim Mackinnon, Steve Freeman ndi Philip Craig anaifotokoza mu pepala lomwe anapereka pa msonkhano wa XP2000 ku Sardinia. Mu 2004, Freeman ndi Mackinnon pamodzi ndi Nat Pryce ndi Joe Walnes analemba pepala lina lomveketsa bwino cholinga chake: mock ndi chida chokonzera mapangidwe a pulogalamu. Mumayamba ndi testi, n'kudzifunsa kuti object iyi ikufuna mnzake woichitira chiyani, n'kulemba interface ya mnzakeyo iye asanakhalepo n'komwe. M'pepala lomwelo muli langizo lomwe ambiri ogwiritsa ntchito ma mock lero sanalimvepo: muzichita mock zinthu zanu zokha, osati ma class a laibulale ya anthu ena. Martin Fowler ndiye anatchula otsatira njirayi kuti a mockist, ndi okonda kuyesa ndi zinthu zenizeni kuti a classicist, ndipo ena amatcha magulu awiriwa sukulu ya London ndi ya Detroit.

Pomwe mock imawala ndi pa ntchito yomwe zotsatira zake sizioneka m'kati mwa pulogalamu yanu. Khadi ikakanidwa, imelo isapite. Mungatsimikize bwanji chinthu chomwe sichinachitike? Mu Mockito ndi mzere umodzi, `verify(uthenga, never()).tumiza(any())`, pomwe `uthenga` ndi mock ya maimelo. Imawalanso pa mavuto ovuta kuwapanga dala. Kuchititsa kampani yeniyeni ya malipiro kuti isiye kuyankha pa sekondi yomwe inu mwafuna n'kosatheka, pomwe mock mumangoiuza `thenThrow` kuti ilephere dala, n'kuona ngati khodi yanu ikuchita zanzeru. Liwiro nalonso si nkhani: matesti mazana amatha musanachotse chala pa kiyibodi.

Mtengo wake umabwera pambuyo, ndipo uli pawiri. Woyamba ndi wakuti testi yodzaza ndi `when` ndi `verify` imakhala khodi yomweyo yolembedwa kachiwiri mozondoka. Mwati muitane `peza`, kenako `dula`, kenako `sunga`, ndipo testi ikutsimikiza kuti mwaitana `peza`, `dula` ndi `sunga`. Tsiku lina mwaona kuti kusunga katundu mmodzimmodzi kukuchedwetsa, mwasintha kuti muzisunga onse kamodzi ndi `sungaZonse`. Kwa kasitomala palibe chasintha. Koma matesti ambirimbiri afiira, ndipo muwakonza osati chifukwa agwira cholakwika, koma chifukwa ankaloweza mayendedwe a m'kati. Zikachitika kangapo, anthu amazolowera kukonza testi yofiira osaiwerenga, ndipo pamenepo ntchito ya testiyo yatha.

Wachiwiri ndi woopsa kuposa pamenepo. Mock imayankha zomwe inu mukukhulupirira kuti chinthu chenicheni chimayankha. Ngati mukuganiza kuti `peza` imabweza null (kusonyeza kuti palibe kanthu) oda ikasowa, pomwe yeniyeniyo imaponya exception (chizindikiro cha cholakwika), mock idzabweza null mokhulupirika, testi idzakhoza, pulogalamu idzagwera m'manja mwa makasitomala. Zili ngati mwana wa sukulu amene wadzikonzera yekha mafunso, wayankha yekha, n'kudzichonganso yekha: malikisi ake ndi okwera, koma sakutiuza kanthu. Onjezani apa zomwe Mockito imachita ndi method yomwe simunaiuze choyankha. Siidandaula. Imabweza null, 0, false, kapena mndandanda wopanda kanthu, ndipo khodi yanu ikhoza kudutsa njira yomwe simunaiganizire testi n'kukhalabe yobiriwira.

Kukula kwa vutoli kumasiyana ndi chilankhulo chomwe mukulembera. Mu Java ndi C# compiler imakutetezani pang'ono: mukasintha dzina la method mu interface, testi yakale sikompayila. Mu Python chitetezo chimenecho palibe pokhapokha mutachipempha. `Mock()` wamba imavomera dzina lililonse ndi ma argument aliwonse, moti method yomwe munaifufuta kalekale imapitiriza kugwira ntchito mu matesti. Mankhwala ake ndi `create_autospec`, kapena `autospec=True` pa `patch` (chida cha unittest.mock choika mock m'malo mwa chinthu chenicheni), ndipo ine sindiona chifukwa cholembera mock ya Python popanda zimenezi. Kuyambira Python 3.5 laibulaleyi imakana mayina olakwika oyamba ndi `assert` kapena `assret`, chifukwa kale munthu akaphonya chilembo chimodzi mzere wotsimikizirawo unkangodutsa osayesa chilichonse. Msampha wina wa `patch` ndi malo: mumasintha dzina mu module yomwe ikuligwiritsa ntchito, osati komwe linalembedwa koyamba. Amene sanadziwe izi amadabwa kuona imelo yeniyeni ikupita pakati pa testi.

Mu JavaScript, `jest.mock` imachotsa module yonse n'kuikapo yonamizira, choncho simufunikira interface n'komwe. Izi n'zokoma, koma kukoma kwake n'komwe kumaononga, chifukwa palibenso chokukakamizani kulekanitsa zinthu bwino. Mockito nayo inalowera komweko: kuyambira Mockito 5, yomwe inatuluka mu 2023, ma class a final ndi ma method a static amatheka kuwachita mock popanda kuwonjezera kalikonse. Mu Go nkhani ndi ina. Kumeneko interface imakhala yaing'ono, method imodzi kapena ziwiri, ndipo struct iliyonse yokhala ndi ma method amenewo yakwaniritsa kale interfaceyo popanda kulengeza. Kulemba choimira pamanja kumatenga mizere yochepa kuposa kukonza `mockgen`, chida chopangira ma mock cha laibulale ya gomock.

Pali kanthu kena komwe anthu saganizira posankha laibulale ya ma mock: imalowa mu fayilo iliyonse ya matesti, ndiye kuichotsa ndi ntchito yakalavula gaga. Mu 2023 Google inasiya kusamalira gomock, ndipo Uber ndi yomwe inapitiriza nayo pa dzina lina la package. Chaka chomwecho Moq, yomwe ndi yotchuka kwambiri mu .NET, inatulutsa 4.20.0 yokhala ndi SponsorLink, kachigawo komwe kankawerenga imelo ya wolemba khodi kuchokera mu git (chida chosungira mbiri ya khodi) pa nthawi ya build. Kanachotsedwa patangopita masiku ochepa anthu atadandaula, koma magulu ena anali atayamba kale kusamukira ku laibulale ina ya ma mock yotchedwa NSubstitute, mzere ndi mzere.

## Fake yolemba nokha

Pa interface yosunga ndi kubweza zinthu, njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi iyi:

```python
class NkhokweYaMuMemory:
    def __init__(self):
        self._maoda = {}

    def sunga(self, oda):
        if oda.nambala in self._maoda:
            raise OdaIlipoKale(oda.nambala)
        self._maoda[oda.nambala] = oda

    def peza(self, nambala):
        return self._maoda.get(nambala)
```

Mizere yochepa chabe, koma imasintha maonekedwe a testi iliyonse yoigwiritsa ntchito. Simunenanso kuti `sunga` iitanidwe kamodzi ndi zakutizakuti. Mumapanga oda, mumayendetsa khodi, kenako mumafunsa nkhokwe kuti odayo ilimo kapena ayi, ndipo ili ndi mtengo wanji. Kaya khodi yasunga kamodzi kapena kawiri, kaya ndi `sunga` kapena `sungaZonse`, testi ilibe nazo ntchito. Mukasintha interface, mumakonza fake pa malo amodzi, osati mu matesti onse. Ndiponso munthu watsopano akawerenga testi yotere amamva nkhani ya bizinesi, osati mndandanda wa malangizo opita kwa ma mock.

Ena amati fake ndi khodi yoonjezera yomwe nayonso ingakhale ndi zolakwika. Akunena zoona, ndipo chitsanzo chili pamwambachi chili nazo ziwiri zobisika. Choyamba, chikusunga object yomweyo, osati kope lake. Khodi yanu ikapeza oda, n'kusintha kuti yalipiridwa, n'kuiwala kuisunganso, fake idzaonetsa kusinthako ngati kuti kwasungidwa, chifukwa object ya m'nkhokwe ndi ya m'manja mwanu ndi imodzi. Nkhokwe yeniyeni yolembedwa ndi SQL wamba (chilankhulo cholankhulira ndi database) sikanadziwa kanthu. Kukonza kwake ndi kukopera object posunga ndi pobweza. Chachiwiri chidzaoneka tsiku lomwe mudzawonjezere method yobweza maoda onse: dictionary ya Python imasunga zinthu motsatira mmene zinalowera, pomwe database ya PostgreSQL silonjeza dongosolo lililonse ngati simunalembe `ORDER BY`. Testi idzakhoza pa fake, kenako tsiku lina maoda adzaoneka osokonekera pa sikirini.

Ndiye kuti fake nayo imanama ngati mock? Ikhoza kutero, koma bodza lake limakhala pa malo amodzi, ndipo pali njira yoligwirira. Mumalemba gulu limodzi la matesti ofotokoza lonjezo la interface: chomwe mwasunga chizipezeka, nambala yobwereza izikanidwa, nambala yosadziwika izibweza chakuti, mndandanda uzibwera kuyambira oda yatsopano. Gulu limeneli mumaliyendetsa kawiri, pa fake ndi pa nkhokwe yeniyeni ya PostgreSQL. Mu pytest ya Python zimatheka ndi fixture yokhala ndi `params`, mu JUnit ya Java ndi abstract class yomwe ma class awiri amatengerako matesti ake. Ziwirizi zikasiyana, testi imafiira tsiku lomwelo. Ndi ma mock omwazikana m'mafayilo ambirimbiri simungachite zimenezi, chifukwa aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Akatswiri a ku Google, m'buku lawo la 2020 lofotokoza mmene amalembera mapulogalamu, amaika chinthu chenicheni patsogolo, fake pachiwiri, mock pomaliza, ndipo amati gulu lomwe limasamalira chinthu chenicheni ndi lomwe liyenera kusamaliranso fake yake.

Pomwe fake sigwira ndi pamene interface yanu ndi yaikulu kwambiri kapena ikulola mafunso ovuta. Mukapezeka kuti mukulemba zosefa, zolumikiza matebulo ndi ma transaction (magulu a zosintha zosungidwa kapena kubwezedwa pamodzi) m'kati mwa fake, ndiye kuti mwayamba kumanga database yanuyanu. Siyani pomwepo.

Musanalembe yanu, yang'anani ngati framework ilibe kale. Django ya Python, mwachitsanzo, pa nthawi ya matesti imasintha yokha njira yotumizira maimelo n'kumawaika mu mndandanda wa `mail.outbox`. Mumangowerenga kuti alimo angati, apita kwa ndani, mutu wake ndi wotani. Pa interface ya maimelo, mndandanda woterewu ndi mock ya `verify` zimachita ntchito yofanana. Ine ndimatsamira ku mndandanda chifukwa ndi wosavuta kuwerenga, koma sindingakangane ndi amene wasankha mock.

Wotchi ndi yosavuta kuposa zonse. Musaiitane mwachindunji, ilowe ngati argument. Java ili ndi `Clock.fixed` kuyambira Java 8, Jest ili ndi `useFakeTimers`, Python ili ndi freezegun, ndipo function ya mzere umodzi yobweza tsiku lokhazikika ndi yokwanira kulikonse. Palibe chifukwa chotsimikizira kuti wotchi yafunsidwa kangati.

## Database yeniyeni

Fake imathandiza kuyesa khodi yomwe ili kutsogolo kwa interface. Nanga class yomwe ili kuseri, yomwe ili ndi SQL yeniyeniyo? Apa ndi pomwe ndimaona ma mock akugwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri: mock ya `Connection` yobweza mock ya `PreparedStatement` yobweza mock ya `ResultSet`. Testi yotere imakhoza ngakhale SQL itakhala ndi dzina la tebulo lomwe kulibe. Chinthu chokhacho chomwe class imeneyo ingalakwitse ndi SQL, ndipo ndi chokhacho chomwe testi sikuyesa.

Kwa zaka zambiri anthu ankathawira ku database yopepuka: H2 mu Java, SQLite mu Python ndi Ruby. Imayamba mwachangu, sifuna kukhazikitsa kanthu. Koma ngati pulogalamu yanu imayenda pa PostgreSQL, mukuyesa pa chinthu china chosiyana. SQLite siletsa mawu otalika kuposa `VARCHAR(20)`, imangowalandira. Malamulo a foreign key imayamba itawazimitsa mpaka mutawayatsa ndi `PRAGMA foreign_keys = ON`. `LIKE` yake sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono za ASCII, pomwe ya PostgreSQL imasiyanitsa. H2 ili ndi njira yotsanzira PostgreSQL, koma mukangoyamba kugwiritsa ntchito zinthu zapadera monga ma operator a `jsonb`, kutsanzirako kumathera panjira. Chopweteka n'chakuti anthu amayamba kupewa SQL yabwino pofuna kuti matesti asagwe, ndiye chida choyesera chayamba kulamulira mapangidwe a pulogalamu. Ngati pulogalamu yanu imayendadi pa SQLite, monga mapulogalamu ambiri a pa foni, zonsezi sizikukukhudzani: yesani pa SQLite.

Testcontainers, yomwe Richard North anaiyamba mu Java mu 2015 ndipo tsopano ilipo mu zilankhulo zambiri, inasintha nkhaniyi. Testi imayatsa yokha PostgreSQL yeniyeni mu container ya Docker (kabokosi koyendetseramo pulogalamu payokha), ya version yomweyo yomwe ili pa seva yanu, n'kuizimitsa ikamaliza. Zomwe mumalipira ndi izi: pamafunika Docker pa kompyuta ya aliyense komanso pa makina a CI (oyendetsa okha matesti khodi ikasintha), ndipo kuyatsa container kumatenga masekondi angapo. Mukamayatsa yatsopano pa testi iliyonse mudzagwa nazo mphwayi. Yatsani imodzi pa gulu lonse, ndipo testi iliyonse iziyendera mu transaction yomwe imabwezedwa pomaliza, kapena muzipukuta matebulo pakati pa matesti. Njira ya transaction ndi yachangu, koma singayese khodi yomwe imatseka yokha transaction ndi commit kapena yotsegula ma connection angapo.

Kodi imeneyi ikadali unit test, yoyesa kagawo kamodzi pakokha? Ambiri angati ayi, ndi integration test, yoyesa zigawo zingapo pamodzi. Dzinalo lisakutayitseni nthawi. Matesti oterewa akhale ochepa, azingoyesa class ya SQL ndi lonjezo la interface lija, ndipo malamulo a bizinesi aziyesedwa pa fake komwe kuli liwiro. Ndiyenera kunenanso kuti pa pulogalamu yaing'ono yomwe ntchito yake yaikulu ndi kulemba ndi kuwerenga matebulo, fake mwina siifunika n'komwe. Yesani zonse pa database yeniyeni mpaka kuchedwa kutayamba kukupwetekani.

## Kampani ya malipiro ndi ma API ena a kunja

API ndi khomo lomwe pulogalamu ina imalandirira mapempho kuchokera ku yanu. Apa ndi pomwe langizo la 2004 lija limagwira ntchito. Musachite mock laibulale ya kampani ya malipiro monga Stripe kapena ina iliyonse. Simukudziwa bwinobwino mmene imachitira m'kati, ndipo ikasintha mu version yatsopano ma mock anu sadzamva. Lembani interface yanu yaing'ono, tinene `Malipiro` yokhala ndi `dula` ndi `bweza`, yolankhula mawu a bizinesi yanu. Kuseri kwake muike class yopyapyala yomasulira mawu amenewo kupita ku laibulale ya kampaniyo. Mukatero muli ndi zinthu ziwiri zoyesa, ndipo chilichonse chili ndi njira yake.

Khodi ya maoda muiyese ndi mock ya `Malipiro`. Pano mock ndi yoyeneradi, chifukwa kuitana kwenikweniko ndiye nkhani yonse. Kudula ndalama kawiri si kusintha kwa mayendedwe a m'kati, ndi kulanda kasitomala. Taganizirani izi: mwatumiza pempho, kampani yadula ndalama, koma yankho lasochera pa netiweki. Khodi yanu ikungoona kuti nthawi yodikira yatha, ndipo ikuyesanso. Makampani monga Stripe amalola kuti pempho likhale ndi idempotency key, kuti pempho lobwereza lokhala ndi kiyi yomweyo lisadule kachiwiri. Testi yabwino imauza mock kuti ilephere koyamba n'kuvomera kachiwiri, kenako imagwira ma argument a maulendo onse awiri ndi `ArgumentCaptor` n'kutsimikiza kuti kiyi ndi imodzimodzi. Palibe njira ina yoyesera zimenezi mosavuta chonchi.

Class yomasulira ija muiyese pa mlingo wa HTTP, njira yomwe mapempho amayendera pa intaneti. WireMock mu Java, `httptest` mu Go, MSW kapena nock mu JavaScript, ndi responses mu Python zimaima m'malo mwa seva ya kunja kapena kugwira pempho lisanatuluke. Ubwino wake kuposa mock ya object ndi wakuti khodi yanu yeniyeni yopanga JSON, yoika ma header ndi yowerenga yankho imayenda yonse, ndipo zolakwika zambiri zimakhala mmenemo. Mungathe kubweza manambala osonyeza zolakwika monga 500 ndi 429, JSON yoduka pakati, kapena kuchedwetsa yankho dala. Koma mayankhowo mwawalemba ndinu, choncho vuto la chikhulupiriro lija likadalipo, langosunthira patsogolo pang'ono.

Zida zojambula, monga VCR ya Ruby ndi vcrpy ya Python, zimayesa kuthetsa zimenezo: ulendo woyamba testi imalankhula ndi seva yeniyeni n'kusunga zokambiranazo mu fayilo, maulendo otsatira imangozibwereza. Mayankho ndi enieni, koma ndi a tsiku lomwe munajambula. Mafayilowo amakalamba mwakachetechete, amakhala aakulu moti palibe amawawerenga pa code review, ndipo mukapanda kusefa, makiyi achinsinsi a API amalowa mu git pamodzi nawo. Ndimaziona zothandiza pophunzira API yatsopano, osati kumangirapo matesti onse.

Chomwe chimatseka mpata wotsalawo ndi matesti ochepa olankhula ndi sandbox ya kampaniyo, malo ake oyeserera popanda ndalama zenizeni. Stripe ili ndi makhadi oyesera, monga 4242 4242 4242 4242 yomwe imavomerezedwa nthawi zonse, ndi ena okanidwa pa zifukwa zosiyanasiyana. Matesti amenewa amadalira intaneti ndi seva ya anthu ena, choncho asamayende nthawi iliyonse mukasunga khodi mu git. Kamodzi pa tsiku n'kokwanira kukudziwitsani kuti china chasintha kunjako.

Pact ndi ya nkhani ina. Inayambira ku Australia mu 2013, ndipo imathandiza pamene mbali zonse ziwiri za API ndi za kampani yanu koma zikusamaliridwa ndi magulu osiyana. Testi ya woitana imatulutsa fayilo ya zomwe akuyembekezera, ndipo mwini API amayendetsa fayiloyo pa khodi yake yeniyeni. Mwa njira imeneyi chikhulupiriro cha mock chimatsimikizidwa ndi mwini wake. Imafuna kuti magulu onse awiri agwirizane, ndipo nthawi zambiri pamafunikanso Pact Broker yosungira mafayilowo. Ngati muli gulu limodzi lokhala ndi ma service awiri, ndi katundu wolemera kuposa phindu lake. Pa kampani ya kunja yomwe sidzayendetsa fayilo yanu, siikuthandizani konse.

## Mukakumana ndi interface yomwe sitinaitchule

Mafunso awiri amathandiza. Loyamba limachokera pa mfundo ya Bertrand Meyer yosiyanitsa method yofunsa ndi method yolamula. Yofunsa imabweza yankho osasintha kanthu, ndipo imeneyo ipatseni stub kapena fake, musaichite `verify`. Ngati khodi sinafunse, zotsatira zake zidzalakwika zokha ndipo testi idzagwa. Yolamula imasintha china chake kunja, ndipo ngati kusinthako simungakuone mwa njira ina, pamenepo ndiye pa mock. Funso lachiwiri ndi lakuti chinthucho n'chandani. Ngati si chanu, chikulungeni kaye mu interface yanu. Ndipo ngati ndi class yanu wamba yowerengera zinthu, yosakhudza disiki, netiweki kapena nthawi, musaiimire ndi chilichonse. Igwiritseni ntchito yeniyeniyo.

Mfundo yomalizayi imachepetsa ma mock kuposa njira ina iliyonse. Mu chitsanzo cha sitolo, malamulo ovuta kwambiri ndi a mtengo: kuchotsera, msonkho, ndalama zotumizira, kusintha kwa nambala zokhala ndi desimo. Mukawatulutsa n'kuwaika mu function yolandira katundu ndi tsiku n'kubweza mtengo, mungayese mitundu yonse ya maoda popanda choimira ngakhale chimodzi. Kagawo kotsala kolumikiza zinthu zinayi zija kamakhala kakafupi, kofuna matesti ochepa. Testi ikamafuna ma mock 7 kuti ingoyamba, vuto si Mockito ayi, class imeneyo ikusenza zambiri.

Khodi yakale yopanda ma interface ndi nkhani yapadera. Kumeneko function imodzi imatsegula database, imaitana API, n'kuwerenganso wotchi, ndipo simungaikhudze popanda testi. Apa `patch`, `jest.mock` ndi `mockStatic` ndi zida zoyenera ndithu. Zimakulolani kumanga testi yogwira zomwe khodiyo ikuchita lero, kenako n'kuyamba kuidula zidutswa mopanda mantha. Matesti amenewo adzasweka pamene mukudula, ndipo palibe cholakwika: ndi akanthawi, muziwafufuta pamene malo ake atengedwa ndi ena abwinoko.

Ngati muli kale ndi matesti ambiri a ma mock ndipo mukufuna kudziwa ngati akugwira kanthu, musadalire coverage, chifukwa imangonena kuti mzere wayenda, osati kuti wina wayang'ana zotsatira zake. Yesani mutation testing: PIT mu Java, Stryker mu JavaScript ndi C#, mutmut mu Python. Zida zimenezi zimaononga khodi yanu dala, monga kusintha `>` kukhala `>=` kapena kuchotsa mzere woitana method, kenako n'kuyendetsa matesti. Kusintha kulikonse komwe kwadutsa popanda testi kufiira kumalembedwa mu lipoti. Zimachedwa pa pulogalamu yonse, choncho yambani ndi package imodzi yomwe imakhudza ndalama, ndipo ma class omwe atuluke ndi zodutsa zambiri ndi omwe muyambe kuwalembera fake kapena kuwayesa pa chinthu chenicheni.